Komiti ya Madzulo

Anandipatsa madzulo.
Masana anagawana eni ake,
a pulofesa ndi mapepala awo a zaka zisanu.
Ine Mwatitha, wamng'ono pa onse m'dipatimenti,
anangoti: "Dzuwa likalowa, alendowo ndi ako."

Alendo zana limodzi ndi makumi anayi.
Masiku atatu.
Bajeti yoonda, nthiti zili pamtunda.

Ndinazungulira Lilongwe ndi envulopu yakhaki.
Ku City Centre bwana wa banki anandikhazika maola awiri,
kenaka nkuti, "Tikuimbirani."
Foni yanga inadikira mpaka moto kutha.
Ku Kanengo a kampani ya mbewu anavomera zakumwa,
bola dzina lawo likhale pamwamba pa la yunivesite,
zilembo zazikulu ngati zitseko.
Ndinagwedeza mutu.
Wopempha sakulitsa chitete.

Pa kabaza, podutsa pa mlatho wa ku Old Town,
ndinkawerengera chamumtima:
osadya nkhumba khumi ndi awiri,
osadya nyama konse asanu,
ndiponso Dokotala Chimphonda, amene sadya ndi Dokotala Gwaza
chiyambire mkangano wa timawu ta m'munsi mwa tsamba.
Wina ndimuika pafupi ndi khomo,
winayo kuseri kwa chipilala.

Lachitatu zinayenda, ngakhale zolankhula zinatalika
mpaka mpunga unazizira m'mapoto.

Lachinayi ndiye linali tsiku langa lenileni:
tenti yoyera pa kapinga wa ku Area 43,
oyimba anayi, maikolofoni yobwereka ku tchalitchi.
Mlendo wolemekezeka atangoti "Amayi ndi abambo,"
magetsi thi!
Binwelo wa jenereta anandinong'oneza
kuti zigubu zikadali pa mzere wa dizilo chiyambire m'mawa.

Ndinaima mumdima, pulogalamu ili m'manja,
ndikumva ntchito yanga ikutuluka pa geti.

Timatochi ta m'mafoni tinayamba kuyaka, kamodzikamodzi.
Ndipo kumbuyo, kumene kunali matebulo a zakudya,
kunamveka mawu omwe sanali pa pulogalamu.
Anali Mayi Namulangeni a ku Mitundu,
amene gulu lawo linatigulitsa chiponde pa ngongole:
"Pepani, poti mwakhala chete.
Inu odziwa za nthaka, mtedza wanga ukuchitiranji mphwephwa
chaka chachitatu tsopano?"

Anayankha awiri nthawi imodzi,
wina pakhomo, wina kuseri kwa chipilala.
"Laimu!"
"Ayi, mvula ikumadula msanga!"
Mipando inayamba kukwekwerezeka.
Mtsikana wa ku Zomba anafunsa mtundu wa mbewu,
mzungu wina anapempha womasulira,
woyimba gitala, posowa chochita, nkumasulira.
Mayiwo sanagonje:
"Musanditsutsire pano. Bwerani mudzaione nthakayo."

Magetsi anayaka cha m'ma teni.
Palibe anawomba m'manja.
Ena anachita kuphimba maso, ngati awadzutsa pakati pa loto.

Pakati pa usiku ndinali ndekha ndi mlonda,
kuwerenga mipando ya eni ake.
Iwiri inasowa.
Tinaipeza pansi pa mtengo wa mbawa, itayang'anizana,
pa umodzi pali kapepala kopukutira pakamwa:
Loweruka, Mitundu, sikisi koloko.
Galimoto ya Gwaza, mafuta a Chimphonda.

Fomu ya lipoti ili ndi mzere wakuti
"Maubale omwe akhazikitsidwa."
Ndalembapo dzina la kampani ya mbewu, poti analipira.
Kapepalako ndakasunga m'diresi langa la buluu
ndipo sindinalichapebe.

A banki aimba Lolemba m'mawa.
Amafunsa ngati msonkhano uja ukadalipo.