Gitala ya Chikole

Loweruka, mvula itangokata pa Malangalanga,
ndinalowa m'shopu ya a Chimphepo,
ndalama za miyezi isanu ndi iwiri zili m'sokosi,
mwendo wakumanzere ukuyenda ngati wobwereka.

Pakhoma panali magitala anayi
pakati pa mawailesi ndi mabatire a sola.
"Yofiirayi yangotsika kumene kuchokera ku Joni,"
anatero akuipukuta ndi mkono wa malaya.
Ndinailumikiza ku ampu yothyoka ngodya.
Inalira bwino, ndisaname,
mawu oyera ngati mbale za alendo,
koma nditakoka nsambo yachiwiri kuti ibuule
inangondiyankha mwaulemu
ngati kalaliki wa kubanki:
pepani, yesani pa windo linalo.

Yakuda inali yolemera ngati thumba la simenti,
mawu ake onenepa, okhuta asanadye.
Ukakhudza nsambo imodzi
liwu limakhala pansi, kutambalala,
n'kukana kunyamuka.
Imeneyo ndi ya anyamata a ku Bwandilo
amene amafuna mabotolo avine okha patebulo.
Koma ine ndikayamba lidi
sindidziwa kumene ndikatsikire.
Ndimanyamuka ngati minibasi ya ku Kawale
imene yaona apolisi pa Chidzanja
n'kukhotera m'makwalala a fumbi,
kuzemba zithaphwi, kudutsa kuseri kwa chigayo,
kukatulukira pamene ng'oma ikundidikira.
Ndimafuna yokhota nane osafunsa chifukwa.

Kenako magetsi thi!

Mumdimamo dzanja langa linakhudza khosi lina
kuseri kwa katoni ya firiji.
"Imeneyo isiyeni, ndi ya chikole.
Mkulu wina wa ku Mchesi, ankati Gwaza,
anaisiya kuno mkazi wake ali ku Bwaila.
Chaka chachitatu chino."

Ndinaiika pamimba yosalumikiza.
Thabwa linanjenjemera mpaka m'nthiti.
Utoto unatha pamene pamagona mkono,
kopotokolera mawu kanali chitsekero cha mankhwala otsukira mano,
ndipo kuseri kwa khosi kunali kadzenje kosalala
kamene chala chachikulu cha munthu
chinakumba pang'onopang'ono, usiku ndi usiku.
Changa chinalowamo ngati m'nsapato ya malemu,
yokulirapo pang'ono.

Ndinalumikiza chingwe mongosewera.
Magetsi anabwera ndili pakati pa chiganizo.
Ampu inayamba ndi ng'ung'udza ngati njuchi m'denga,
kenako liwu: losasa,
la munthu amene wachezera kuimba pamaliro
koma m'mawa akufunabe kukuuza nthabwala.
Ndikakanda pang'ono, inkanong'ona.
Ndikakwapula, inkalusa, mchenga uli kukhosi.
Ndinakoka nsambo ija yachiwiri
ndipo inakwera, inakwera, n'kusweka pamwamba
pamene ndikanasweka inenso.

Zimene ndinaimba sindingazibwereze.
Ndingokumbukira wakabaza ataima pakhomo
phazi limodzi lili pansi,
ndi mayi wa nthochi akufunsa ngati kuli ukwati.

A Chimphepo anakanda m'ndevu.
"Nanga mwiniwake akabwera?"
Ndinalemba nambala yanga pa katoni ya firiji.
Akabwera adzandipeze ku Chilinde,
tidzakambirana ili pakati pathu.
Tinakangana mtengo mpaka azana ya masana,
anandiwonjezera chingwe chomata ndi tepi,
chikwama anakaniza.

Ndinawoloka mlatho wa Lilongwe
gitala ili m'thumba la feteleza,
khosi lili panja ngati nkhuku yopita kwa apongozi.
Mawa kutchalitchi a Nachisale a kwaya adzadandaula
kuti ikulira ngati transifoma.
Adzazolowera.

Usiku uno ndaiyang'ana pansi pa babu.
Tizitsulo ta pakati n'todyeka,
njira zonse za Gwaza zikuoneka,
pamene ankapumira, pamene ankabwerera.
Koma kumtunda uko, pafupi ndi thupi,
kuli tinayi tonyezimirabe,
kumene chala chake sichinafike.

Ndapotokola chitsekero cha mankhwala chija pang'ono,
kuopa kudzutsa mwana wa anebá,
ndipo ndayambira kumeneko.