Wopala Phula

Lolemba m'mawa, aulendo onse atapita,
ndimakwera ndi mpeni wobuntha ndi chitini cha penti
kukapala phula pa miyala.
Nkhungu ya ku Bembeke imakhala isanayalule mphasa,
ndipo Amayi a pathanthwe amaoneka ngati munthu
amene matola amusiya pa siteji.

Masiku ena onse a chaka
kuno ndi kwa kachewere ndi kabichi.
Magolosale atatu, chigayo chokhosomola,
mbuzi zobzikula pakhonde pa telala.
Mukafunsa njira, mwana amakulozerani ndi mlomo.
Koma Ogasiti akafika pakati
timatupa ngati mandasi m'chiwaya:
malole a ku Mtakataka, njinga za ku Lizulu,
amayi a zitenje zofanana, kolona m'manja, zidendene zong'aluka,
ena ochokera kutsidya kwa malire
amene mwala wa malirewo amangoupatsa moni n'kudutsa.
Aliyense wokhala ndi khonde amasanduka mwini hotela.
Ngakhale madzi a pachitsime amakwera mtengo.

Za m'mene Amayiwa anafikira pano, musadalire ine.
A Jerevazio, oliza belu aja, ankati
anabwera m'bokosi, pamapewa pa amtengatenga asanu ndi mmodzi,
ndipo pofika apa bokosilo linakana kunyamulika.
Alongo awo a Sikolasitika ankaseka mpaka kutsamwa:
linakana chiyani? Anthuwo anatopa basi,
ndiponso kumunsiku kunali mowa wamasese.
Onse awiri agona kuseri kwa tchalitchi,
mitanda yawo inapendekera kosiyana.

Zimene ndinaona ndi maso angawa ndi izi.
Chaka cha othawa nkhondo, ndili kamnyamata,
mayi wina wa ku Angonia anafika usiku
ndi ana awiri, poto, ndi bulangete limodzi.
Kutacha tinapeza anawo akunjenjemera m'chitenje,
bulangete lili pamapewa pa chifanizo.
Akatekisiti anamukalipira.
Iye anati: kuzizira kwa kuno sikusankha,
ndipo awa nawonso ndi alendo.

Chala chawo cha kumanja
chinathyoledwa ndi nthambi ya mkungudza, mphepo ya mwera itavuta.
A Bonifasiyo anachimata ndi simenti yotsala pa chimbudzi cha sukulu,
mokhota pang'ono.
N'chifukwa chake mpaka lero amaloza kumsika.
Ogulitsa tomato amati ndi dala.

Pansi pa phula ndimapeza timapepala,
topindidwa ngati mankhwala a kuchipatala.
Bambo mfumu anati ndizingotentha, osawerenga.
Ndimatentha.
Koma maso alibe chitseko.
Mwana wanga akhoze folomu folo.
Bambo ake a Tiyese abwereko ku Joni, ngakhale chimanjamanja.
Chotupa chija.
Feteleza.
Kena kanali ndi mawu awiri okha, a pensulo:
Mukudziwa kale.

Madzulo ndimasungunula zonse mumphika umodzi,
phula la wosabereka ndi la wa ana khumi,
la wakuba ng'ombe ndi la mwini ng'ombeyo,
loyera, lofiira, lodzaza mchenga ndi timapiko ta agulugufe.
Ndimasefa ndi kansalu,
kuthira m'timapaipi, chingwe pakati.
Chaka chamawa adzagulanso kwa ine,
osadziwa kuti akuyatsa pemphero la mnzawo,
lomwe mwina linayankhidwa, mwina likadali pamzere.

Emerensiana, mkazi wanga, ankandidulira zingwezo.
Anadwala mwezi wa Juni, zaka zinayi zapitazo.
Ndinali ndi makandulo mazana atatu pansi pa bedi
ndipo sindinayatse ndi imodzi yomwe;
ndinkati Amayiwa ndi aneba,
amva okha kutsokomola.

Sindinawafunsepo kanthu.
Iwonso sananene kanthu.
Ndimangopala, kuyambira kumapazi kwawo kutsika,
mpaka mwala uonekenso kuti ndi mwala.
Belu likalira kumunsi ndimapukuta mpeni pa buluku.
Chitini chalemera chaka chino;
ndisintha dzanja pofika pa mtengo wa mapichesi.