Womasulira wa ku Rotten Row

Anandiitana Lachitatu m'mawa:
kuli mayi, Chishona amachimva,
koma pa mlandu akufuna chilankhulo cha bambo ake.
Ndinavala jekete. Jakaranda anali atayoyoka msewu wonse,
maloya akuponda maluwa popita kukhoti.

Ndinawapeza pa benchi, nsapato zapulasitiki zili m'manja.
Ferista Kambalame, wobadwira pa famu ya fodya ku Trelawney,
bambo awo anayenda wapansi kuchokera ku Dedza,
chitupa chawo chakale chinkati ndi mlendo.
Ukwati wawo sunalembedwe paliponse.
Mwamuna atamwalira, abale anazula malata, natenga njinga;
iwo anapita kupolisi, anafunsidwa pepala, anabwerera.
Lamulo ankalidziwa motero:
chitseko chofuna pepala lomwe ulibe.

Lero mapepala alipo, mulu wofika m'chigongono.
Woimira boma akuwerenga, ine ndikutembenuza.
"Mayi, akuti ndinu mkulu wa kampani."
"Ya chiyani?"
"Ya feteleza. Ofesi ili pa nsanjika yachisanu ndi chiwiri,
mosungira katundu muli ku Msasa."
Anaseka pang'ono, nadzigwira pakamwa.
"Ine chikepe sindinakwerepo."

Alimi mazana anayi analipiriratu.
Matumba anafika mvula itagwa kale,
pamwamba feteleza wokuya ngati chala,
pansi mchenga wa mumtsinje wa Manyame.
Ndalama zinadutsa mabanki atatu
n'kusowa ngati madzi othira pa phulusa.
Pansi pa tsamba lililonse, chidindo cha chala chachikulu.

"Chalacho ndi changa," anatero, osadikira funso.
"Anabwera Gibisoni, mwana wa mlamu wanga,
pa galimoto yoyera, ndi shuga ndi mafuta ophikira.
Anati boma likulemba akazi amasiye kuti alandire mbewu.
Ndinali kutongola chimanga.
Ndinapukuta dzanja pa chitenje, ndinadinda kasanu ndi kawiri.
Inki inakhala masiku atatu osachoka,
ndinkakanda nayo mandasi ogulitsa kusukulu."

Ntchito iyi ndaigwira zaka khumi ndi ziwiri.
Lumbiro lake ndi lalifupi: usawonjezere, usachotsere.
Azungu ali ndi mawu awo onena za munthu
woikidwa kutsogolo pomwe eni ake abisala.
Ndinawafufuza m'Chichewa, ndinangopeza
chidole cha nsanza choopsezera mbalame m'munda wa mapira.
Ndinachimeza. Ndinati: "Akuti dzina lanu ndi lomwe linkagulitsa."

Anatembenukira kwa ine, osati kwa woweruza.
"Awuzeni kuti inenso ndinagula matumba awiri.
Ndinagulitsa mbuzi ya bere.
Chimanga changa chinachita chikasu chisanafike m'mawondo."
Ndinamasulira. Cholembera cha woweruza chinaima,
fani ya padenga inazungulira kanayi,
kenako chinayambanso kuyenda.

Gibisoni akuti ali kunja, foni yake siikupezeka.
Ena awiri a masuti anatumiza makalata a dokotala.
Belo: madola mazana atatu.
Mayi anamasula mfundo ya pa chitenje:
madola khumi ndi limodzi, tikiti ya basi,
kiyi wa khola la nkhuku womangidwa ku ulusi wofiira.

Wapolisi wamkazi atawagwira pamkono
anandipatsa kiyiyo, nanditchulira dzina la mnansi
ndi mtengo wa mkuyu pomwe ndiyenera kutsikira,
ngati kuti ndine mwana wawo.
Pa masitepe otsikira kuchitokosi anacheuka.

"Achimwene, mwati kampaniyo ndi yanga?"
"Pa pepala, mayi."
"Ndiye kafunseni ngati ndingathe kuitseka."

Khoti linali litadzuka kale.
Panalibe woti ndimumasulire.
Ndinayenda wapansi mpaka ku Mbare, kiyi ali m'thumba la jekete,
ndikufunsa makondakitala basi yomwe inyamuke dzuwa lisanalowe.