Botolo Lachinayi

Mu Juni kam'bulu kamodzi kankakwana.
Ndinkameza ndi tiyi wozizira,
ndikafika kushopu ku Kamwala
manambala a m'buku la ngongole
ankafola okha ngati ana asukulu.
Ndinkaseka ngakhale kondakitala atandibera chenji.

Mai Zelipa a ku Soweto anati,
"Ndi masamba chabe, mwanawe, ndi mizu yosinja."
Ndinawakhulupirira.
Mpaka lero sindinena kuti ananama.

Koma thupi ndi landilodi:
likazolowera kulandira
limakweza lendi osakuuza.

Ogasiti, tiwiri.
Okutobala, kutentha kuja, titatu,
kena m'thumba la malaya, ka masana.
Lero ndameza tinayi pa Kulima Tower
ndipo ndaima pakati pa mabasi
kumvetsera m'mutu mwanga
ngati munthu wodikira magetsi ku Chawama:
swichi anayatsa kalekale,
babu lili zii.

Mzere umodzi wa lisiti
ndauwerenga kasanu.
Abwana andiyang'ana pamwamba pa magalasi,
sananene kanthu.

Mlongo wanga Tisiyenji, namwino ku Chilenje,
akuti, "Bwera nalo botololo ndilione.
Ndiponso tikambe chimene chinayamba
kukusowetsa tulo, usanagule loyamba."
Ndayankha kuti ndamva.
Foni ndaiika chafufumimba.

Usiku ndakhutula botolo patebulo,
timibulu tikununkha ngati udzu wonyowa.
Ndawerenga: khumi ndi kamodzi.
Masiku atatu osakwana.

Ndiwo masamu okhawo
amene ndachita lero osalakwitsa.