Tebulo Lopendekeka

Anandiitana kudzakhoma misomali basi.
Mabokosi khumi ndi atatu ochokera ku Mangalande
anagona masiku awiri ku Chileka kudikira mapepala,
ndipo titawatsegula, ine ndi Fatsani,
munatuluka fungo la nyumba yotsekedwa kalekale,
kuzizira kwa dziko lomwe sindinapondeko.

Mayi Makwinja anatipatsa magolovesi oyera.
Zaka makumi atatu ndikupala matabwa ku Ndirande
manja angawa sanavalepo kanthu.
Tsiku limenelo anatchena ngati akupita ku ukwati.

Chithunzi choyamba chinali cha botolo, nsalu,
ndi zipatso ziwiri zomwe kapepala kakuti mapeyala,
koma si mapeyala athu ayi.
Chinandiimitsa ndi tebulo lake.
Mwendo umodzi waufupi, pamwamba popendekeka,
botolo lija likanayenera kugubuduka
nkhondo yoyamba isanayambe n'komwe.
Ndikanakhoma ine tebulo lotere,
kasitomala akanandisenzetsa pamutu msika wonse ukuona.
Koma ili akuti lili pa inshulansi
yoposa nyumba zonse za mumsewu wathu.

Ndinaika levulo pamwamba pa felemu.
Kathovu kanakhazikika pakati penipeni.
Felemu yawongoka. Zam'katimo ndiye ayi.

Fatsani amvekere, ameneyu anali atalawa.
Mayi Makwinja sanaseke. Anati
wojambulayo ankayang'ana ataimirira,
kenako n'kuyang'ananso atakhala pansi,
ndiye anakana kusankha pa ziwirizo.
Ndinangoti chabwino, madamu,
n'kutola hamala yanga.

Masana tinafika ku mbiya ndi mbale.
Ina yotuwa ngati phulusa la mbaula,
utoto wake utayenderera mpaka kunsi
ngati misozi yomwe palibe anaipukuta.
Poitembenuza kuti ndiikhazike m'galasi
ndinapeza kadzenje pansi pake:
chala chachikulu cha woumba,
chinatsala momwemo dothi lili lofewa, mu 1913.
Madamu anali pa foni, atayang'ana ku windo.
Ndinavula golovesi.
Changa sichinalowe chonse. Chake chinali chaching'ono,
mwina cha mzimayi, mwina cha mnyamata wophunzira ntchito,
kapepala kangolemba zilembo ziwiri zokha.
Tinagwirana moni mwachangu, ngati anthu a pa depoti,
ndipo ndinavalanso.

Usiku wotsegulira ndinatsalira chifukwa cha nyale ina yovuta.
Anabwera a masuti, a mafuta onunkhira,
vinyo m'matambula a miyendo yowonda.
Mvula inatsika kuchokera ku Soche, magetsi n'kuthima.
Jenereta inatsokomola kawiri, n'kukhala chete.
Anthu anayatsa mafoni,
aliyense kuunika kachigawo kake:
uyu khosi la botolo, uyo mwendo waufupi uja,
mwana wina akuunika pansi kufuna chipatso chomwe chagwa.
Kwa mphindi zisanu tebulo lija linali zidutswazidutswa
ndipo palibe anadandaula kuti lapendekeka.

Minibasi yomaliza inandisiya pa Chinseu.
Kunyumba Esinta anali atagona, kandulo ili pa tebulo,
tebulo lathu lomwe lija
lomwe ndakhala ndikulonjeza zaka zisanu ndi zinayi
kuti ndilikonza Loweruka,
katoni ya sopo yopindidwa ili kunsi kwa mwendo.
Ndinaliyang'ana nditaimirira:
sugabo, makiyi, bilu ya madzi, mphete ya kapu yotentha.
Ndinakhala pa mkeka n'kuyang'ananso:
chingamu cha mdzukulu chouma kunsi kwake,
manambala omwe ndinalemba ndekha ndi pensulo
chaka chomwe tinalowa m'nyumba muno.
Matebulo awiri, ndipo onse ndi anga.

Ndinasolola pensulo kukhutu,
n'kutenga kachidutswa ka pulaiwudi kuseri kwa chitseko.
Esinta anafunsa ali m'tulo ngati ndikulikonza tsopano.
Ndinati ayi, gona,
ndikungoliyeza kaye.