Zala Khumi

Ndinkangofuna ntchito yoyendetsa galimoto ya mkaka,
yodzuka mbandakucha kulowera ku Ekwendeni.
Anati ndibweretse kalata ya kupolisi
yonena kuti ndilibe banga.
Ndinapita ndikuimba mluzu.

Wapolisi anayang'ana pakompyuta, anandiyang'ana ine,
anabwereranso pakompyuta.
Fumbani Zgambo? Eya.
Mudzi wakuti, mfumu yakuti, wobadwa mu Okutobala? Eya.
Ndiye ndinu munaba mabatire ku Luwinga,
munaseweza chaka ndi theka.

Chaka chimenecho ine ndinali ku Karonga,
matumba a mpunga akundisupula msana.
Amene anasowa pakhomo ndi Suzgo,
mng'ono wanga, wa mpata kumano,
amene amayi ankauza anthu kuti ali ku Joni.
Anabwerako ataonda, wopanda ndi bulangete lomwe,
ndipo palibe anafunsa kuti Joni wake ndi uti.
Pano ali chigonere ku Zolozolo, mvula yachitatu ino.
Ankabwereka malaya anga, nsapato, njinga.
Sindinadziwe kuti anabwerekanso dzina.

Ndalama ya loya ndinalibe.
Wakabaza wina ndiye anandilozera khomo
la maloya othandiza ife amanja lende.
Mkatimo mafayilo pampando, mafayilo pansi,
ambulera ikudontha kuseri kwa chitseko,
ndi mayi wamfupi, a Nyaluhanga,
akulemba uku tiyi akuzizira.
Sanandifunse ngati ndikunama.
Anangoti, tandionetsani manja.

Kenako miyezi.
Fayilo ili ku khoti. Fayilo ili kundende.
Wosunga makiyi wapita kumaliro ku Rumphi.
Bwerani Lachinayi. Bwerani mwezi ukatha.
Nkhungu ya Juni inandipeza pamzere,
fumbi la Seputembala linandipeza pomwepo.
A Nyaluhanga ankaimba foni ataimirira,
mawu osakweza, koma osatsikanso,
mpaka tsiku lina linatuluka, lomanga ndi chingwe,
ngodya imodzi itadyedwa ndi chiswe.

Pamwamba dzina langa, lolembedwa bwinobwino.
Pansi zala khumi zakuda.
Anandipaka inki, ndinadinda zanga pambali.
Katswiri anaweramira ndi galasi lake
ngati mayi wosankha mpunga,
nadzuka, napukusa mutu.

Chatsala n'kulumbira, anatero a Nyaluhanga.
Mulembe apa amene mukuganiza kuti zalazi n'zake.

Usiku umenewo ku Chibavi amayi sanadye.
Wakufa sayankha mlandu, anatero,
msiyeni mwana agone.
Ndinati, amayi, ineyo ndine mwana wa yani?
Mvula inayamba pamalata
ndipo tonse tinathokoza phokoso lakelo.

M'mawa ndinalemba.
Zilembo zisanu zokha, koma cholembera chinkakana
ngati mbuzi yopita nayo kumsika.

Kukhoti sizinatenge nthawi yophika tiyi.
Woweruza anawerenga, anafunsa kawiri, anasaina,
kalaliki anamenya chidindo.
Chaka ndi theka chimene sindinakhale m'ndende
chinachoka pamutu panga,
ndipo sindikudziwa kumene anachitula.
A Nyaluhanga anandigwira chanza mothamanga,
panja panali ena asanu akuwadikira.

Ntchito ya mkaka anapatsa wina kalekale.
Kalata yoyera ndimayenda nayo m'jumbo ya shuga
kuti mawawa a Mzuzu asaigwire,
ndimagogoda nayo m'mageti a ku Katoto.

Koma pali pepala lina limene ndinapempha,
fotokope ya zala zija.
Pa chala chaching'ono cha kumanzere
mizere yaduka, pali kanjira koyera.
Ndi mpeni wa nzimbe umenewo.
Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi,
mpeniwo ndinagwira ndine,
ndipo amayi atafunsa, iye anati wadzicheka yekha.

Chithunzi cha Suzgo tilibe m'nyumba muno.
Dzulo ndinapeza amayi atakhala pakhonde,
pepalalo lili pamiyendo,
akuika zala zawo pa zake,
chimodzichimodzi.