Nsapato Yakumanzere

Ku Mzuzu mvula siodira.
Imangowaza, kuwaza, ngati munthu wodandaula chamumtima.
Tsiku lija inkawazanso choncho
pamene lole ya matabwa a ku Chikangawa
inandipeza pa Katoto ndili pa kabaza,
thumba la makala a eni kumbuyo.
Makala anamwazika, anthu anatola.
Mwendo unatsala kuchipatala ku Luwinga.

Miyezi itatu mu wodi ya amuna
ndinkawerenga madontho a diripi.
A kumpingo ankabwera Lamulungu masana
ndi nthochi ndi mavesi.
"Zonse zili ndi cholinga," ankatero,
ataimirira pa miyendo iwiriiwiri.
Nthochi ndinkadya.

Ambuye, sindikubisirani, ndinakunyozani.
Osati mokweza,
poti Nyausisya anali mtulo pa simenti, atafunda chitenje chimodzi,
koma munamva.
Ndinadikira mphezi.
Kunabwera m'mawa, ndi phala lopanda shuga,
ndi nesi wa manja ozizira kudzasintha bandeji.

Usiku chala chimene kulibe chimayabwa.
Ndimakanda bulangete.
Kupemphera ndinakuphunziranso pamenepo:
kutambasulira dzanja pamalo poti maso akuti palibe kanthu
koma thupi lonse likuti alipo.

Nditabwerera ku Chibavi
nsapato yakumanzere inali pakhomo, ikudikira mwini wake.
Nyausisya anati aitaye kudzala.
Ndinaikaniza, ndinaing'amba ndi ukali,
ndipo ukali utatha ndinaona mmene anaisokera,
ulusi kulowa, kubisala, kutulukira kwina.
Sipoko ya njinga yophwanyika ija
ndinainola pa mwala mpaka inasanduka singano.
Tayala lake ndinalidula zidendene.

Lero ndimakhala pakhonde la golosale ya a Mwafulirwa,
wa mwendo umodzi, kusoka za anthu a miyendo iwiri.
Sekani, nanenso ndimaseka.
Mzinda wonse umandipeza pano:
matope ofiira a ku Mchengautuwa,
fumbi la ku Zolozolo,
nsapato ya mphunzitsi yodyeka mbali imodzi ngati malipiro ake,
ya mayi wamasiye imene yatha ndi makomo a maofesi.
Munthu akavula nsapato amayamba kulankhula.
Ine ndimasoka, ndikumva.

Lachinayi ndimatseka msanga, ndimakwera kupita ku wodi ija.
Mwezi watha ndinapezako Chawanangwa,
mnyamata wa zaka makumi awiri, nkhope kukhoma,
bulangete lophwa pamene panayenera kutukuka.
Vesi sindinatenge.
Ndinagoneka ndodo zanga poti azione, ndinakhala chete.
Ulendo wachitatu anafunsa, osacheuka:
"Kodi chimasiya kuyabwa?"
Ndinamuyankha m'Chitumbuka changa chotsimphina ngati mwini wake:
sichisiya, mphwanga, koma udzagona.
Anaseka, kenaka analira,
kenaka anapempha nthochi.

Sindinena kuti munandidula mwendo
kuti ndisoke nsapato, kapena kuti ndipeze Chawanangwa.
Masamu amenewo ndimawakana.
Lole inali ndi mabuleki akutha, basi,
ndipo masiku ena nkhungu ikatsika kuchokera ku Kaning'ina
ndimaulirabe mwendo wanga ngati mwana woyamba.

Chimene ndikudziwa ndi chochepa:
simutaya kanthu kudzala.
Sipoko yopindika mumainola.
Ndipo Inu mwini munatuluka m'manda
mabowo a misomali akadali m'mapazi.
Mukanatha kuwatseka, simunawatseke.
Munayenda nawo, munawaonetsa kwa okayika,
kuti ife a zipsera tikakuonani
tisachite manyazi kukhala nanu benchi imodzi.

Yayambanso kuwaza.
Kamtsikana ka yunifolomu kaima apa ndi mwendo umodzi ngati kakowa,
sokosi m'mwamba, kakudikira ndimalize,
belu la sukulu latsala pang'ono.
Ulusi uwu ndi waufupi, Ambuye,
koma ukwana.